Nyemba sizinayambire pa makala: mbiri ya mphika wodekha wa pa Zalewa

M'makhitchini ambiri a ku Ndirande, Bangwe ndi Chilomoni muli chikhulupiriro chimene anthu sachitsutsa n'komwe, choti nyemba n'zapambaula. Ngakhale pakhomo pamene pali hotipuleti kapena chitofu cha magetsi, likafika tsiku la nyemba, mang'ina kapena nkhuku yachikuda, mayi amatuluka panja kukakoleza makala. Ena amafika ponena kuti umu ndi mmene makolo athu ankaphikira, ndipo kuti mphika wamagetsi wophika pang'onopang'ono, umene m'masitolo amautcha slow cooker, ndi nzeru yachilendo yosayenerana ndi ndiwo zathu.

Mfundo ziwiri zonsezi n'zokayikitsa. Makala afika pa mphika wa nyemba posachedwapa, pamene kuphika modekha, ndi moto wochepa kwa maola ambiri, ndi luso lomwe linalipo m'dziko muno mbaula isanabadwe. Malo abwino otsatirapo mbiriyi ndi pa Zalewa m'boma la Neno, pamene msewu wa M1 umawoloka Shire n'kusiyana ndi wopita ku Mwanza ndi ku Tete. Pamenepa pakumana zinthu zitatu zimene zakhala zikulamulira mphika wa Mmalawi: nkhalango ya tsanya yomwe yaphikira mzinda wa Blantyre kwa zaka zambiri, msewu umene umanyamula makala ake, ndi mtsinje umene umapukusa makina a magetsi ku Nkula ndi ku Tedzani, kumunsi pang'ono kwa mlatho.

Dothi, mafuwa ndi chikuni

Zakale kwambiri timazidziwira ku mapale. Ku Nkope, m'mbali mwa nyanja ku Mangochi, akatswiri ofukula zakale anapeza zidutswa za miphika youmbidwa zaka zoposa 1,500 zapitazo. Mitundu ina ya miphika inapezeka ku Kapeni ku Ntcheu ndi ku Mankhamba, likulu lakale la Amaravi. Ndiwo zouma za masiku amenewo zinali khobwe ndi nzama, mbewu za mu Africa momwe muno. Nyemba zimene tikudya lero kwawo ndi ku America, chimodzimodzi chimanga, ndipo zinalowa kuno chitadutsa chaka cha 1500 kudzera m'malonda a kugombe. Zinapeza mphika woidziwa kale ntchito, pakuti nzama zouma zimachedwa kupsa kuposa nyemba zambiri.

Mphika wadothi ndi wochindikala. Umachedwa kutentha, koma ukatentha sufulumira kuzizira. Mayi ankatereka nyemba pamafuwa m'mamawa, n'kuziwiritsa ndi moto waukali wa tinkhuni. Zikawira ankachotsa tinkhunito, n'kusiyapo chikuni chimodzi kapena ziwiri zonyeka pang'onopang'ono, n'kuvundikira ndi phale, iye ulendo wakumunda. Gogo kapena mwana wotsala pakhomo ntchito yake inali kusunthira chikuni mkati ndi kuthiramo madzi akaphwera. Nyemba zikakhala zokhalitsa, chidulo chinkathandiza kuzifewetsa. Nkhuni zake zinali zouma, zotola kuthengo. Makala ankadziwika ndithu, koma anali a osungunula chitsulo m'ng'anjo ndi osula makasu ndi nkhwangwa. Mphika wa ndiwo unalibe nawo gawo.

Mitengo ya m'mbali mwa Shire inayamba kukhala malonda azungu atafika. David Livingstone anaona mathithi a mtsinjewu mu 1859, mishoni ya Blantyre inakhazikitsidwa mu 1876, ndipo pa Matope, kumtunda kwa Zalewa, panakhala doko pamene katundu wolambalala mathithi ankakwereranso sitima zapamadzi zopita kunyanja. Sitimazo zinkayendera nkhuni. Komabe m'midzi mafuwa ndi mphika wadothi zinapitiriza kulamulira mpaka dziko litalandira ufulu.

Mphika wa ku Chicago, magetsi a ku Nkula

Mphika wamagetsi umene ena akuuyesa wachilendo uja unapangidwira nyemba. Mwini nzeruyo anali Irving Naxon wa ku Chicago. Mayi ake ankamusimbira za kwawo ku Lithuania, kumene mabanja a Chiyuda, posaloledwa kusonkha moto pa Sabata, ankatenga mphika wa nyemba ndi nyama Lachisanu madzulo n'kukauika mu uvuni wa wophika buledi umene unali kuzizira. Chakudya chinkapsa usiku wonse ndi kutentha kotsalako. Naxon anapempha chiphaso cha umwini wa luso lake mu 1936 ndipo anachilandira mu 1940. Mphikawo unkagulitsidwa ndi dzina loti Naxon Beanery. Mu 1970 kampani ya Rival inagula bizinesi yake, ndipo mu 1971 inautulutsa mphikawo ndi dzina loti Crock-Pot. Unagulidwa kwambiri chifukwa amayi ochuluka a ku America anali atayamba ntchito zolembedwa, ndipo ankafuna kutereka m'mawa n'kudzapeza zapsa madzulo.

Mkati mwa slow cooker muli mphika wadothi wochindikala wokhala ndi chivundikiro, ndipo mozungulira muli waya wotentha pang'ono. Ndi mphika wa agogo uja, kungoti pamalo pa chikuni pali waya.

M'zaka zomwezo Malawi anali kumanga maziko a magetsi ake pafupi ndi Zalewa. Damu loletsa ndi kutsegulira madzi a Shire ku Liwonde linatha mu 1965. Mu 1966 siteshoni ya Nkula A inayamba kupanga mamegawati 24. Tedzani inatsatira mu 1973 ndi 1977, kenako Nkula B kuyambira mu 1980. Mawaya akuluakulu anadutsa pamwamba pa midzi ya m'derali kulunjika ku Blantyre, Zomba ndi Lilongwe. Apa ndi pamene njira inayamba kukhota. Maganizo a nthawi imeneyo ankaona magetsi ngati a mafakitale, maofesi ndi kuunikira m'nyumba za m'mayadi. Mphika, umene umadya mphamvu yambiri kuposa china chilichonse pakhomo la Mmalawi, unasiyidwa kuti udzionere wokha.

Tauni, sefuliya ndi mbaula

Mizinda inakula mofulumira m'zaka za m'ma 1970 ndi 1980. Banja lokhala m'chipinda chimodzi cha lendi linalibe malo a mafuwa, linalibe thengo lotolako nkhuni, ndipo utsi unkadanitsa anthu oyandikana makomo. Makala anayankha mavuto onsewa: ndi opepuka, alibe utsi wambiri, ndipo amagulika pakamulu malinga ndi ndalama ya tsikulo. Amisiri osula malata m'misika ngati wa Ndirande anayamba kukhoma mbaula zachitsulo zambirimbiri.

Nthawi yomweyo sefuliya ya aluminiyamu inalowa m'malo mwa mphika wadothi. Sisweka, imatsukika, imawiritsa madzi msanga. Koma ndi yopyapyala, ndipo moto ukangofooka nayonso imazizira. Nyemba zosanyika zimafuna maola 3 kapena 4, choncho mayi amayenera kuthira makala kawiri kapena katatu pambaula imene ikutaya kutentha kwake m'mbali monse. Luso losunga kutentha linatayika, m'malo mwake munalowa kusonkhezera kosalekeza.

Kusonkhezera kotereku kumafuna makala olemera, okhalitsa pamoto, ndipo mfumu ya makala otere ndi tsanya. Mtengo umenewu umakonda zigwa zotentha za dothi lamakande, monga chigwa cha pakati pa Shire kuyambira ku Liwonde mpaka ku Zalewa ndi Lisungwi. Umakula mochedwa kwambiri. Uvuni wokwirira ndi dothi umadya makilogalamu a nkhuni pakati pa 5 ndi 10 kuti utulutse kilogalamu imodzi ya makala. Chakumapeto kwa zaka za m'ma 1980 panayesedwa kuotcha makala a paini a ku Chikangawa pofuna kupumitsa mitengo yachilengedwe, koma sanagwire mtima wa amayi ambiri a m'tauni. Ankachokera kutali, ndipo paini ndi wopepuka, amanyeka nyemba zisanafewe. Okonza ntchitoyo anaganizira za nkhalango, koma sanafunse kuti mumphikamo muli chiyani.

Nkhondo, chilala ndi lamulo

Kuyambira mu 1986 anthu othawa nkhondo ku Mozambique analowa m'dziko muno mwaunyinji, mpaka anaposa 1 miliyoni. Dera limene lero ndi Neno, pa nthawiyo lili mbali ya boma la Mwanza, linalandira ambiri, ndipo msasa wa Luwani ndi umodzi mwa imene imakumbukika. Chakudya chimene ankalandira chinali ufa ndi ndiwo zouma ngati nyemba ndi nandolo, zomwe zimafuna moto wautali. Mitengo yozungulira misasa inatha. Koma ndi kulakwa kusenzetsa othawa nkhondo mlandu wonse. Mgwirizano wa mtendere unasainidwa ku Rome mu Okutobala 1992, anthuwo anabwerera kwawo m'zaka zotsatira, koma nkhwangwa sinaleke kulira. Amene ankaitanitsa makala sanali kumsasa ayi, anali kutauni.

Chigwa cha Zalewa chimalandira mvula yochepa, ndipo chimanga chimapserera kawirikawiri. Chilala cha 1992, njala ya 2002 ndi ya 2005 zinaphunzitsa mabanja ambiri kuti thumba la makala ndilo nkhokwe yomaliza. Bambo amene chimanga chake chauma amadula mtengo, kuuotcha, kuukweza panjinga mpaka pamsewu, n'kubwerera ndi ufa. Lamulo la nkhalango la 1997 linati wootcha makala akhale ndi chilolezo ndipo mitengo yake ichokere kumalo osamalidwa. Cholinga chinali chabwino, koma zotsatira zake zinali zakuti pafupifupi makala onse a m'dziko muno anakhala osaloledwa pamene mizinda yonse ikuphikira makala omwewo. Wosauka wa panjinga ndiye ankalandidwa katundu, wodya nyemba kutauni palibe ankamufunsa.

Panali zoyesayesa zabwino. Chakumapeto kwa zaka za m'ma 1990, m'midzi ya Kam'mwamba, pamsewu womwewu wa M1, anthu anaphunzitsidwa kupanga juwisi wa malambe ndi bwemba, kuweta nkhanga ndi njuchi, kuti mtengo woima uwapatse ndalama kuposa wogwetsa. Ku Mulanje, m'zaka zomwezo, kunayamba kuumbidwa chitetezo mbaula, mbaula yadothi yophikira nkhuni zochepa, ziputu za chimanga ndi mapesi a nandolo. Neno inakhala boma palokha mu 2003. Mu 2007 kafukufuku wodziwika bwino anapeza kuti mizinda inayi ya Blantyre, Lilongwe, Mzuzu ndi Zomba inkatha matumba a makala oposa 6 miliyoni pachaka, ndipo anthu pafupifupi 93,000 ankadalira malondawa. Neno ndi Mwanza anali m'gulu la madera odyetsa Blantyre. Mu 2013 dziko linadziikira chandamale cha mbaula zosawononga nkhuni 2 miliyoni pofika 2020. Mu 2017 kunatuluka ndondomeko ya zaka 10 yokhudza makala, ndipo mu 2020 lamulo la nkhalango linakonzedwanso, zilango n'kukhwima.

Kalembera wa 2018 anaonetsa pamene zinthu zinali: pa mabanja 100 aliwonse, pafupifupi 77 ankaphikira nkhuni, 18 makala, ndipo ophikira magetsi anali pafupifupi 2 okha. Zaka zoposa 50 chiyambireni Nkula, magetsi anali asanafike pa mphika.

Chaka chimene chinayesa mphika uliwonse

Kuthimathima kwa magetsi kwa 2016 ndi 2017, madzi a m'nyanja atatsika chifukwa cha ng'amba, kunali chenjezo. Mayeso enieni anabwera mu Januwale 2022. Pa 24 mwezi umenewo mphepo yamkuntho yochokera ku Mozambique inagwetsa mvula yoopsa m'chigawo cha kummwera. Shire anasefukira, atanyamula mitengo, zinyalala ndi matope. Makina a ku Nkula ndi Tedzani anaimitsidwa kwa kanthawi powateteza, ndipo dziko linakhala mumdima. Kumunsi, ku Kapichira m'boma la Chikwawa, madzi anagumula mbali ya damu. Mamegawati pafupifupi 130 anachoka nthawi imodzi, pafupifupi gawo limodzi mwa magawo atatu a magetsi amene dziko linkapanga, ndipo sanabwerere mpaka mu 2023.

Kwa miyezi yoposa 12, mabanja a m'mizinda anakhala moyo wotsatira ndandanda ya kuthima kwa magetsi. Masiku ambiri ankathima maola 8 kapena kuposerapo. Mu Meyi 2022 mphamvu ya kwacha inatsitsidwa ndi 25 peresenti, zomwe zinakweza mtengo wa gasi ndi ziwiya zonse zochokera kunja. Kumapeto kwa chakacho mafuta a galimoto anasowa, ndipo majenereta nawo anavutika. Kolera, amene anabuka mu Malichi chaka chomwecho, anachititsa kuti mabanja ambiri aziwiritsanso madzi akumwa. Mu Malichi 2023 namondwe wina woopsa kwambiri anagunda kummwera, anapha anthu mazanamazana, ndipo makina a pa Shire anaimanso.

Nyengo imeneyi inaonetsa poyera mphamvu ndi kufooka kwa chophikira chilichonse. Hotipuleti inangokhala chokongoletsa. Slow cooker, imene ubwino wake wonse wagona pa magetsi ochepa koma osadukiza kwa maola 6 mpaka 10, inakhala yoopsa. Magetsi akathima mwini wake ali kuntchito, nyemba kapena nyama zimakhala m'madzi ofunda kwa maola ambiri, ndipo m'madzi ofunda ndi mmene tizilombo towononga chakudya timaswana msanga. Wofika madzulo sangadziwe kuti magetsi anathima nthawi yanji ndipo anayaka nthawi yanji. Mphika wamagetsi wa mtundu wina, pressure cooker, umene umatsekera nthunzi mkati n'kupsetsa nyemba mu ola limodzi kapena kucheperapo, unachitako bwino, chifukwa unkakwanira m'kampata kamene magetsi ayaka. Koma mtengo wake unali wa anthu owerengeka.

Otsala onse anabwerera kumbaula, kuphatikizapo mabanja amene anali atasiya makala kalekale. Mtengo wa thumba unakwera, ndipo uthenga wa mtengowo unafika msanga kumidzi ya m'mbali mwa msewu wa Zalewa, kumene mabanja ambiri anali atakokoleredwa mbewu ndi mvula yomweyo. Otcha makala anapita kutali kwambiri kukafuna mitengo, kumapiri ndi m'mphepete mwa mitsinje.

Apa pali unyolo umene dziko lachedwa kuuona. Phiri likametedwa, mvula imakokolola dothi kupita m'timitsinje tothira mu Shire. Dothilo limakadzaza m'madamu a Nkula, Tedzani ndi Kapichira, n'kuchepetsa madzi opukusa makina, ndipo madzi osefukira amabwera mwaukali chifukwa palibe chowagwira kumtunda. Magetsi akachepa, tauni imagula makala ambiri. Makala akagulidwa ambiri, phiri lina limametedwa. Mphika wa nyemba wa ku Blantyre ndi makina a ku Nkula zamangidwa pa chingwe chimodzi, koma kwa zaka zambiri nkhani ya nkhalango, ya magetsi ndi ya kukhitchini zakhala zikukambidwa m'zipinda zosiyana.

Dengu limene linaiwalika

Anzathu a ku South Africa anakumana ndi kuthima kwa magetsi kotere mu 2008. Chaka chimenecho mayi wina wa ku KwaZulu-Natal, Sarah Collins, anayamba kusoka thumba lochindikala lofundika mphika wowira kale, lomwe lero limadziwika kuti Wonderbag. Nzeru yake si yatsopano. Ku Ulaya ankagwiritsa ntchito bokosi la udzu wouma m'nthawi za nkhondo, ndipo kuno kwathu alangizi a zachitukuko akhala akuphunzitsa dengu lofundika mphika kwa zaka zambiri, ngakhale silinafale monga linayenera.

Kachitidwe kake n'kosavuta. Nyemba zinyikidwe m'madzi usiku wonse. M'mawa, madziwo atayidwe, athiridwe ena, ndipo nyembazo ziwire mwamphamvu kwa mphindi 20 mpaka 30. Kenako mphika, uli chivundikirire, uphulidwe n'kuikidwa msanga m'dengu loyalidwa masamba ouma a nthochi, thonje, udzu wofewa kapena mabulangete akale, pansi, m'mbali ndi pamwamba, osasiya mpata wolowera mphepo. Pakatha maola 4 kapena 5 nyemba zimakhala zafewa, ndipo chotsala n'kuzibwezera pamoto kuti ziwirenso pothira tomato, anyezi ndi mchere. Moto wa maola 3 umasanduka wosakwana ola limodzi. Palibe kupserera, palibe kuthira madzi, palibe mwana woti ajombe kusukulu polondera mphika. Chofunika n'chakuti mphika ukhale wodzaza bwino ndipo usavundukulidwe pakati, pakuti kuona maso a nkhono n'kudekha.

Zonse zofunika pa dengu limeneli zilipo ku Neno. Kumapiri, cha ku Neno boma ndi kulowera ku Tsangano, amalima nyemba ndi nthochi. Kuchigwa amalima thonje. Oluka madengu ndi oumba miphika alipo. Chimene chakhala chikusowa ndi ulemu. Zinthu zopanda waya ndi zopanda mtengo wokwera takhala tikuziona ngati zaumphawi, ndipo ngakhale ntchito zachitukuko zakonda kuwerenga mbaula zogawidwa kusiyana ndi kufunsa ngati nyemba zikupsa ndi moto wochepa.

Kusankha mphika wodalirika lero

Banja limene lili ndi magetsi ndipo likufuna slow cooker lisayambire kufunsa dzina la kampani. Liyambe ndi kudzifunsa kuti kudera kwawo magetsi amakhala maola angati osathima. Ngati sakwana maola 8 motsatizana masiku ambiri, pressure cooker ndiyo yanzeru, kapena dengu lija.

Ngati magetsi ndi okhazikika, pali zoyenera kuyang'ana. Choyamba ndi mphamvu yolembedwa kunsi kwa mphika. Magetsi a kuno ndi a mavolti 230. Miphika ina yakaunjika yochokera ku America ndi ya mavolti 110 kapena 120, ndipo imapsa tsiku loyamba lomwelo. Yochokera ku South Africa imagwirizana ndi magetsi athu, koma pulagi yake ya mano obulungira imafunika kusinthidwa ndi munthu wodziwa, osati kulowetsa mawaya osavala m'soketi. Chachiwiri ndi mphika wamkati: ukhale wochindikala, wopanda mng'alu, wochotseka potsuka, ndipo chivundikiro chikhale chokhala bwino, chifukwa nthunzi ikamathawa ndiye kuti kutentha kukuthawa. Chachitatu ndi kukula: banja la anthu 5 kapena 6 limafuna wa malita 5 mpaka 6, ndipo uzidzazidwa kupitirira theka koma osafika pakamwa.

Chachinayi chimaiwalika kawirikawiri. Mphika wa kabatani kopotokola ndi dzanja umapitiriza kuphika magetsi akabwerera pambuyo pothima kwa mphindi zochepa. Yambiri ya mabatani a manambala imangozima mpaka munthu adzaiyatsenso. Kwathu kuno wosavutawo ndiye wodalirika, komanso amisiri a m'misika amatha kuukonza. Pa za ndalama, mphika wa mawati 200 ukayaka maola 8 umadya mayunitsi 1.6, pamene hotipuleti ya mawati 1,000 ikayaka mosalekeza maola 3 imadya mayunitsi 3. Kuchepa kwa mawati kumeneku kukutanthauzanso kuti mphika wotere ungathe kuyendera magetsi a sola a pakhomo masana, ngati zipangizo zake zili zokwanira, ndipo dzuwa m'chigwa cha Shire si losowa.

Pali chenjezo limodzi limene wogulitsa aliyense ayenera kumalinena. Nyemba zosapsa, makamaka zofiira, zili ndi poizoni wachilengedwe amene amayambitsa kusanza ndi kutsegula m'mimba. Poizoniyu amatha nyemba zikawira mwamphamvu kwa mphindi zosachepera 10. Slow cooker ikakhala pa moto wake wotsika nthawi zina sifika powiritsa, choncho nyemba za phalombe, napilira, kholophethe kapena nanyati ziyambe zawira pamoto wina zisanalowe mmenemo. Agogo aja ankachita zomwezo poyamba ndi moto waukali wa tinkhuni asanasiye chikuni.

Pamene tinaphonya

Mbiri imeneyi ikusonyeza kuti sitinataye mitengo chifukwa cha chikhalidwe, koma chifukwa chosiya mbali yanzeru ya chikhalidwecho popanda kuika china m'malo mwake. Tinasiya mphika wosunga kutentha, tinasiya kunyika nyemba, tinamanga magetsi osaganizira za kukhitchini, ndipo mitengo itayamba kutha tinathamangitsa wootcha makala m'malo mochepetsa njala ya makala.

Mipata yokonza ilipo. Mawaya olumikiza magetsi a Malawi ndi a Mozambique, ochokera ku Matambo ku Tete kupita ku Phombeya ku Balaka, njira yake yadutsa ku Mwanza ndi Neno, ndipo pali mapulani a siteshoni ina yaikulu ku Mpatamanga pa Shire yemweyo. Koma mamegawati paokha sanapsetsepo nyemba, monga mmene zaka za pakati pa 1966 ndi 2018 zaonetsera. Pakufunika kuti miphika yamagetsi yosadya mayunitsi ambiri itsike mtengo ndipo izigulika pang'onopang'ono, kuti midzi ya pansi pa mawaya ilumikizidwe, kuti kunyika nyemba ndi kufundika mphika ziphunzitsidwe m'sukulu, kusikelo ya ana ndi m'magulu a amayi a kumpingo ndi kumzikiti, m'tauni momwe muli ogula makala ambiri.

Ndipo wootcha makala wa ku Zalewa sangasiye nkhwangwa ndi chilango chokha. Adzaisiya akadzapeza china chogulitsa pamsewu womwewo chaka cha ng'amba, kaya ndi madengu ofundikira, miphika ndi mbaula zadothi, uchi, malambe, kapena makala a mitengo yodzala yekha yokhala ndi chilolezo chosavuta kupeza. Banja lililonse la m'tauni limene lachepetsa ndi theka makala a tsiku la nyemba lachita mbali yake pa ntchito imeneyi, ndipo lingathe kuyamba mawa lomwe ponyika nyemba usiku uno.